MySQL yakana kudzuka magetsi atazima: zokambirana pa gulu la opanga mawebusayiti ku Zomba

Tadala: Odi akuluakulu muno. Pepani kukusokonezani usiku uno, ndapanikizika. Magetsi anazima cha m'ma 4 koloko kuno ku Chikanda ndili mkati molemba khodi, ndipo laputopu yangayi batire linafa kalekale, ndiye inangothima pompo. Atayaka ndatsegula XAMPP (pulogalamu yoyendetsera webusayiti pa kompyuta yako yomwe), seva ya Apache ikudzuka bwinobwino koma MySQL, yomwe imasunga database, ikungowala kamphindi n'kuzimanso. Ikulemba zofiira kuti "MySQL shutdown unexpectedly". Muli database ya webusayiti ya malo ena ogona alendo kumtunda kuphiriku, ndipo Lachisanu ndikuyenera kukawaonetsa eni ake. Ndifufute XAMPP yonse ndiikenso?

Che Jafali: Ayi achemwali, musayerekeze! Chotsani kaye dzanja pa mbewapo. Mukafufuta ndiye mwakwirira maliro nokha.

Limbani: Backup ilipo?

Tadala: Ilipo mumtima aise 😭

Limbani: Mulungu akukhululukire.

Che Jafali: A Limbani dikirani kaye, munthu ali pamoto. A Tadala, choyamba pitani mu C:\xampp\mysql, mukopere foda yonse ya data muiike pa flash kapena pa Desktop. Zonse tichitezi tichite kopeyo ilipo kale. Mukatero dinani batani la Logs pamzere wa MySQL, mutsegule mysql_error.log, mutiuze mizere yakumapeto ikunena chiyani. Nthawi zina vuto silikhala kuonongeka kwa mafayilo, imangokhala pulogalamu ina yomwe yalanda port 3306.

Tadala: Ndakopera. Mu log mukutchulidwa za Aria, ndipo pena akuti table ina ya mu mysql ili "marked as crashed". Za port sindikuziona.

Che Jafali: Chabwino, ndi matenda odziwika amenewo. Magetsi anazima database ili mkati molemba, fayilo inatsala yolembedwa theka. Chitani chonchi. Zimitsani zonse pa XAMPP. Foda ya data muitchule data_old. Pambali pake pali foda ina yotchedwa backup, muikopere ndipo kopeyo muitchule data. Kenako lowani mu data_old, mutenge foda ya database yanu yokha muiike mu data yatsopanoyo. Za mysql, performance_schema ndi phpmyadmin zisiyeni komweko. Pomaliza tenganso fayilo ya ibdata1 ya mu data_old, ilowe m'malo mwa yomwe ili mu data yatsopano. Mukaiwala ibdata1 mudzaona maina a matebulo koma mukadina adzakuuzani kuti kulibe. Mukatha yatsani.

Mayeso: Ndionjezerepo pang'ono. Ngati munapanga user wina kapena munaika pasiwedi pa root, zimenezo zibwerera mmene zinalili poyamba, chifukwa zimakhala mu foda ya mysql ija mwaisiyayo. Musadabwe webusayiti ikakana kulumikizana, mungopanganso user yemweyo.

Tadala: YADZUKA!! Matebulo onse alipo. Che Jafali, Mulungu akudalitseni, ndinali nditayamba kale kulemba uthenga wopepesa kwa kasitomala.

Che Jafali: Musanavine, tsegulani Shell pa XAMPP pomwepo mulembe mysqldump -u root dzina_la_database > lero.sql. Fayilo imeneyo ndiyo database yanu yonse, ili m'malemba wamba. Chitani zimenezi tsiku lililonse mukamaweruka, ndipo fayiloyo isagone mu laputopu momwemo.

Thoko: Poti nkhani yafika apa, tiyeni tiitambasule. Muno mwalowa anthu atsopano ambiri mwezi uno, makamaka ana a ku Chanco, ndipo mafunso ake amangokhala omwewa. Aliyense anene mmene anakonzera makina ake kuti azipirira magetsi athuwa ndi bandulo yathuyi. Ine za pa YouTube zinanditopetsa, munthu akukuuza kuti ungotsitsa 2GB ngati akunena za kutunga madzi pa mpopi.

Yamikani: Yankho ndi limodzi: chotsani Windows, ikani Linux. Mavuto a XAMPP onsewa simudzawaonanso.

Chikondi: Ndimadziwa kuti a Yamikani atulukira. Bambo, magetsi akazima database ili mkati molemba sasankha kuti uyu ndi wa Ubuntu timusiye.

Yamikani: Zoona, koma seva yomwe mudzaikepo webusayitiyo nthawi zambiri imakhala ya Linux. Ukamagwira ntchito pa Linux kuyambira pachiyambi, zodabwitsa zimachepa tsiku loika pa intaneti. Chitsanzo: pa Windows, Logo.PNG ndi logo.png ndi fayilo imodzi. Pa Linux ndi mafayilo awiri osiyana. Ndi angati muno anaikapo webusayiti pa seva n'kupeza zithunzi zonse zasowa?

Limbani: Ine. Ndinakhala usiku wonse ndikutukwana seva, kutacha n'kupeza wolakwa ndine.

Chikondi: Apo ndiye mwanena zoona. Koma mankhwala ake ndi kungozolowera kulemba maina a mafayilo ndi zilembo zazing'ono zokhazokha, opanda mipata. Sizifuna kusintha makina onse. Wofuna Linux popanda kutaya Windows aike WSL, ngati RAM ikulola.

Mayeso: Pa RAM pomwepo ndiimepo. Ambiri muno tili ndi malaputopu a kaunjika a 4GB. Munthu wa 4GB asamvere zoti aike Docker, adzangokhala akuonerera kachizungulire. Ndalama ikapezeka, choyamba kugula ndi SSD. Ine yanga inkatenga nthawi yoti ndithe kumwa tiyi isanayake, nditachotsa hard disk yakale n'kuika SSD inasanduka ina. Chachiwiri RAM ifike 8GB. Chachitatu batire. A Tadala, vuto lanu lalero gwero lake si XAMPP, ndi batire. Laputopu yokhala ndi batire lamoyo, ngakhale la mphindi 20 zokha, imakupatsa mpata wosunga ntchito ndi kuzimitsa MySQL mwaulemu.

Tadala: Ndamva achimwene. Ndimangoti ndigula mwezi wamawa, chaka chatha tsopano.

Mayeso: Ndipo mu VS Code yatsani Auto Save, ili pansi pa File pomwepo. N'zaulere zimenezo.

Che Jafali: Ine langa ndi Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zonse zomwe mwasintha mu khodi, ndipo ndilankhula motalika pang'ono chifukwa achinyamata ambiri amaimva molakwika. Amaganiza kuti Git ndi GitHub ndi chinthu chimodzi, ndiye akakhala opanda bandulo amati sangaigwiritse ntchito. Git imakhala mu kompyuta mwanu, pomwe GitHub ndi malo a pa intaneti osungirako khodiyo. Commit, kutanthauza kusunga zomwe mwasintha mu Git, safuna intaneti ngakhale pang'ono. Mutha kupanga ma commit 15 muli ku Jali kopanda netiweki, n'kudzapusha onse kamodzi mukafika m'tauni, ndipo poti ndi malemba okha sadya deta yambiri. Ine ndinasiya kalekale zija za mafoda otchedwa final, final2, final_yeniyeni. Tsiku lina ndinatumizira kasitomala foda yolakwika, anaona mitengo ya chaka chatha n'kuyamba kundiimbira ngati ndamubera.

Koma musanapange commit woyamba, lembani .gitignore, mndandanda wa mafayilo oti Git isatenge. Muikemo node_modules, vendor ngati muli pa PHP, ndi .env. Makamaka .env. Muli mapasiwedi anu mmenemo. Ndipo dziwani ichi: mukaipusha mwangozi kenako n'kuifufuta pa commit wotsatira, sinachoke, ikadali m'mbiri ya repo. Aliyense wodziwa kufufuza aipeza. Njira yake ndi kusintha mapasiwedi onse anali mmenemo tsiku lomwelo.

Tadala: Nanga fayilo ya lero.sql ija ndiipushe limodzi?

Che Jafali: Ngati muli maina ndi manambala a foni a alendo enieni, ayi. Isungeni padera. Za anthu sizikhala pa GitHub, ngakhale repo ikhale yobisika ine sindichita.

Limbani: Funso la mbuli: GitHub ikukana pasiwedi yanga ndikamapusha, koma pa browser ikulowa bwinobwino. Andiloza?

Yamikani: Sanakulozeni, anasiya kulandira pasiwedi popusha mu 2021. Pangani SSH key ndi ssh-keygen muike ya .pub pa akaunti yanu, kapena mugwiritse ntchito token. Mukakonza kamodzi mwathana nazo.

Limbani: Ndiye zaka zonsezi ndimangokweza mafayilo pa browser ngati ndikutumiza zithunzi za ukwati 😂

Thoko: Safunsa anadya phula. Tipite ku bandulo.

Chikondi: Wakuba wamkulu wa bandulo ndi Windows Update. Ukangolumikiza hotspot ya foni, iyo imayamba kudya mwakachetechete. Pitani pa Wi-Fi settings, pa dzina la hotspot yanuyo muyatse metered connection. Wachiwiri ndi npm install, lamulo lotsitsira maphukusi a JavaScript. Project iliyonse yatsopano imadzaza node_modules yakeyake. Ine ndinasamukira ku pnpm, imasunga phukusi lililonse malo amodzi pa disk n'kumangolozera, ndiye zomwe unatsitsa kale sutsitsanso. Wosafuna kusamuka alembe npm install --prefer-offline, iyamba yayang'ana zomwe zili kale mu cache. Ndipo mukamatenga repo yaikulu ya eni ake kuti mungoiona, git clone --depth 1 imabweretsa zatsopano zokha popanda mbiri yonse.

Mayeso: Onjezani DevDocs. Mumatsegula pa browser, n'kusankha zomwe mumagwiritsa ntchito monga HTML, CSS, JavaScript, PHP, kenako mumazisunga kuti ziziwerengeka popanda intaneti. Netiweki ikathawa ine ntchito siima.

Chikondi: China, a Tadala, poti Lachisanu mukukwera phiri: Bootstrap ndi ma font anu mukuwatenga pa CDN, maseva a ena pa intaneti, kapena ali mu foda?

Tadala: Pa CDN. Ndinangokopera link.

Chikondi: Atsitseni akhale mu project. Ine zinandionekera pa sukulu ina ya pulayiveti. Ndafika, a hedi ndi akomiti akhala pa mabenchi, ndatsegula laputopu, netiweki palibe. Webusayiti inatuluka maliseche, malemba akuda pa pepala loyera, ma link abuluu ali mndandanda. Mayi wina wa komiti anafunsa kuti, "Ndiye ndalama zonse zija n'zimenezi?" Mpaka lero ndikadutsa pa geti pawo ndimayang'ana kumbali.

Limbani: 😂😂 Maliseche!

Thoko: Musaseke, tonse tinadutsamo.

Chikondi: Ndipo bandulo si yathu yokha, ndi ya wotsegula webusayitiyo. Ife timapanga pa sikirini yaikulu, koma munthu adzaitsegula pa kafoni ka itel ali mu minibasi ya ku Songani, ndi deta yomwe wagula kuti aone WhatsApp. A Tadala, zithunzi za zipinda zili zingati patsamba loyamba, ndipo chilichonse n'chachikulu bwanji?

Tadala: Zilipo 12. Anandipatsa eni ake kuchokera mu foni, chilichonse chili cha m'ma 4MB.

Chikondi: Ndiye kuti tsamba limodzi ndi 48MB. Palibe adzadikire zimenezo, adzatseka n'kukafunsa pa Facebook. Zichepetseni, m'lifupi 1200px n'zokwana, muzisandutse WebP. Squoosh imachita zimenezi mu browser momwemo. Chithunzi chilichonse chikhoza kutsika kufika pa 200KB maso osaona kusiyana. Zomwe zili m'munsi mwa tsamba muziike loading="lazy" kuti zizibwera munthu akafika pomwepo. Mukatha, dinani F12 mu Chrome, pa Network musankhe liwiro la 3G, muone mmene mlendo wanu adzaonere. Mtima umawawa koma n'zothandiza.

Mayeso: Kuposa pamenepo, yeserani pa foni yeniyeni. Laputopu ndi foni zikhale pa hotspot imodzi, muone IP ya laputopu ndi ipconfig, muilembe pa browser ya foni. A Laravel alembe php artisan serve --host=0.0.0.0 kuti foni iione. Ine ndimabwereka kafoni ka amayi anga, kakatsegula bwino pamenepo ndiye kuti kulikonse itsegula.

Che Jafali: Tsopano ndikufunseni mayeso, a Tadala. Pa fomu yanu yosungitsa chipinda, lembani dzina loti Ng'oma mutumize. Mutiuze chichitike n'chiyani.

Tadala: Dikirani... Eee! Yatulutsa error ya SQL syntax. Koma maina ena onse amalowa bwinobwino!

Che Jafali: Ndimadziwa. Mumayesera ndi John ndi Mary. Kuno kwathu kuli a Ng'oma, a Ng'ambi, a M'bwana, a M'manga, ndipo uthenga uliwonse wa Chichewa muli m'mawa, m'nyumba, pang'ono. Kachizindikiro ka ' kameneko ndi komwenso SQL, chilankhulo cha database, imatsekera mawu. Inu mwalumikiza dzina la munthu mwachindunji mu query, ndiye database ikafika pa Ng' imaganiza kuti dzina latha, zotsalazo imaziwerenga ngati lamulo. A Ng'oma sakufunirani zoipa, angokugwetserani fomu. Koma khomo lomwe alowera a Ng'oma mwangozi ndi lomwelo amalowera wakuba mwadala, n'kulemba lamulo lake loti database imupatse zonse. Ndiyo SQL injection imene mumaimva ija.

Mankhwala ake si kuletsa kachizindikiroko. Ndinaonapo fomu ina ikuuza munthu kuti dzina lake ndi lolakwika, tangoganizani, dzina la agogo ake. Gwiritsani ntchito prepared statements, pa PDO kapena mysqli. Query imapita payokha ndi malo osiyidwa, dzina limapita palokha, ziwirizi sizisakanikirana. Potulutsa dzinalo pa tsamba, lidutse mu htmlspecialchars.

Yamikani: Apa ndiye ndikuvomerezana ndi Che Jafali popanda kutchula Linux.

Limbani: Lembani tsiku la lero.

Chikondi: M'bale wake wa vuto limeneli ndi ŵ. Lembani Malaŵi pa fomu yomweyo. Ikabwerera ngati MalaÅµi kapena Mala?i ndiye kuti penapake encoding yasemphana. Tsamba likhale ndi meta charset UTF-8, database ndi matebulo akhale utf8mb4, ndipo polumikiza PHP ndi database munenenso utf8mb4. Malo atatu onsewo. Musasankhe utf8 yachabe ya MySQL, imeneyo ŵ imalandira koma emoji imakana, ndipo Amalawi salemba uthenga opanda timanja topemphera. Ngati tsamba lili m'Chichewa, pa html muike lang="ny".

Tadala: ŵ yalowa bwino, mwayi. Koma manambala a foni akutaya 0 woyamba.

Mayeso: Mwaika column ngati INT. Nambala ya foni si nambala yowerengera, palibe adzaphatikize foni ziwiri. Ikhale VARCHAR. Ndipo sankhani kalembedwe kamodzi posunga, chifukwa wina alemba kuyambira 099 kapena 088, wina +265, wina aika mipata pakati. Ine ndimachotsa mipata, ndimachotsa 0 woyamba, n'kusunga zonse kuyambira +265. Tsiku lomwe mudzafune kutumiza SMS kapena kulumikiza Airtel Money ndi Mpamba mudzandikumbuka.

Yamikani: Nthawinso. Maseva ambiri amayendera UTC, ife tili patsogolo ndi maola 2. Mlendo akasungitsa chipinda 1 koloko usiku, seva idzalemba kuti ndi dzulo. Ikani timezone ya Africa/Blantyre.

Limbani: Africa/Zomba kulibe? Likulu lakale lonseli?

Yamikani: Likulu linapita ku Lilongwe mu 1975, timezone ili ku Blantyre, ife tinatsala ndi phiri ndi nyani.

Thoko: 😂 Bwererani pa mutu. Hosting, malo osungirako webusayiti pa intaneti. Funso limeneli limabwera sabata iliyonse.

Mayeso: Vuto la hosting si luso, ndi madola. Kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ine ndinasiya kulonjeza kasitomala mtengo wa chaka chamawa. Ndimalemba pa pepala kuti hosting ndi domain (dzina la webusayiti pa intaneti) zimalipidwa chaka chilichonse ndipo mtengo udzatsatira mmene dola ilili nthawi imeneyo. Komanso dzifunseni ngati webusayitiyo ikufunikadi database. Ya tchalitchi, ya shopu, ya munthu wongofuna kuonetsa ntchito zake, zambiri ndi HTML ndi CSS basi. Zoterezo GitHub Pages, Netlify kapena Cloudflare Pages amasunga ulere, HTTPS ili pomwepo, inu mumangolipira domain.

Tadala: Yangayi ndi ya PHP, ndiye sizitheka eti?

Mayeso: Pamenepo ayi, PHP siyenda. Mufunika hosting wamba ya cPanel. Funsani kaye zinthu zitatu musanalipire: PHP yawo ndi version yanji, SSL ya Let's Encrypt ilipo ndipo imadzikonzanso yokha, komanso backup amasunga masiku angati. Satifiketi ya Let's Encrypt siikhalitsa, ikapanda kudzikonza yokha mudzangomva kasitomala akuimba kuti browser ikuopseza alendo ake. Ndipo poika pa seva zimitsani display_errors, error ngati ija ya a Ng'oma isamaoneke kwa anthu.

Che Jafali: Domain ilembedwe m'dzina la kasitomala, ndi imelo yake. Pano pokha sindigonja.

Limbani: Apa ndiye tisiyana, akulu. Ine ndimalemba m'dzina langa mpaka amalize kulipira. Wina anandithawa ndi theka la ndalama, webusayiti ili pa intaneti, ndikamuimbira amati ali ku maliro. Miyezi 8 ali ku maliro.

Che Jafali: Cholakwa chanu chinali kuika pa intaneti asanamalize. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Theka poyamba, muwaonetse pa laputopu kapena pa adiresi yoyesera, theka lotsala likalowa ndiye muike pa domain yawo. Koma domain ndi dzina la bizinesi ya munthu. Inu mawa mukapeza ntchito ku Johannesburg n'kusintha nambala, iwo atani? Ine ndalandirapo makasitomala atatu olira kuti mnyamata anawapangira webusayiti anasowa ndi mapasiwedi onse. Zimatiipitsira mbiri tonse.

Limbani: Nanga kasitomala woti imelo yake anaiwala pasiwedi chaka chomwe anaitsegula? Uthenga woti domain ikutha udzapita kwa ndani?

Chikondi: Funso la nzeru limenelo. Ine mwini ndimalemba kasitomala, koma pa technical contact ndimaika imelo yanga, ndipo tsiku lothera ndimalilemba pa kalendala yanga mwezi umodzi lisanafike.

Limbani: Mmm. Ndiganizira. Koma wa ku maliro uja domain yake sindimupatsa.

Thoko: Imeneyo mukambirana ku inbox. Loweruka lino amene ali omasuka tikumane cha m'ma 2 koloko ku Botanical Gardens, mbali ya mtsinje. Ndibweretsa hard drive muli ISO ya Ubuntu, VS Code, Git, Node ya LTS ndi XAMPP, aliyense akopere asaononge bandulo. A Yamikani athandiza ofuna WSL kapena SSH key.

Yamikani: Ndibwera. Koma ma flash anu aja odzaza ma shortcut musalowetse mu laputopu yanga.

Limbani: Si mumati Linux sigwidwa mavayirasi?

Yamikani: Siigwidwa, koma imanyansidwa.

Tadala: Ine ndasintha query yoyamba, a Ng'oma alowa bwinobwino ndipo asungitsa chipinda nambala 3. Zatsala 14. Funso lomaliza Che Jafali, foda ya data_old ija ndiifufute?

Che Jafali: Isiyeni mpaka Lachisanu lidutse.